Ndalama za thumba lathu: dayiki pa Ruo kapena mjigo kumtunda?

Mlembi wa gulu: Akuluakulu nonse a kwa Mlolo, dzinja layandikira ndipo tiyenera kumanga mfundo pa ndalama zimene tasonkha chaka chino. Maganizo amene andipeza ndi awiri: kuunjika dayiki ya matumba a mchenga pamene madzi amabowolera, kapena kukumba mjigo kumtunda kumene abale athu ena anasamukira.

Membala wa ku Johannesburg: A Mlembi, za dayikizo ndikuzikana. Mtsinje wa Ruo umatsika m'phiri la Mulanje ndi liwiro loopsa, ndipo mu Januwale 2015 unasiya njira yake n'kung'amba ina, mpaka Makhanga anasanduka chilumba. Madzi amene anatisesanso pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 sangaimitsidwe ndi matumba athu, choncho tiyeni tikumbe mjigo kuti anthu asakhale ndi chifukwa chobwerera kumunsi.

Mayi wa ku Makhanga: Achimwene, chimene chimatibweza kuno si ludzu ayi, ndi dimba. Madzi akaphwera amasiya nthaka yachonde, timadzalamo chimanga ndi mbatata n'kukolola popanda feteleza, pomwe kumtunda khasu limangolira pa miyala. Ine ndikupempha boti la injini, chifukwa usiku umene madzi amafika m'chiuno, mayi wodwala matenda aakulu timamuwolotsa pa bwato lokumba, wina akukapa madzi ndi mbale.

Mkulu wa ku Blantyre: Mayi, mwanena zoona, ndipo palibe amene ayenera kukulandani dimba. Komabe mtsinjewu wakwiririka ndi mchenga wochokera m'mapiri amene mitengo yake inatha, ndiye ngakhale madzi ochepa amasefukira. Ntchito ya dayiki yolimba ndi ya boma, ndipo tiilembere ku khonsolo ya Nsanje ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Boti likufuna mafuta, wolikonza ndi wolisunga, zimene thumba lathu silingakwanitse chaka ndi chaka. Mjigo ukakhalapo, banja likhoza kugona kumtunda m'dzinja n'kumatsikira kudimba madzi akaphwera.

Mayi wa ku Makhanga: Bambo, ndivomera mjigo ngati udzakumbidwe pamalo amene mafumu apereka kwa osamukawo ndi kalata, chifukwa ambiri akukhala pa nthaka ya eni ake.

Mlembi wa gulu: Ndifunsa a gulupu za kalatayo, ndifufuzenso mtengo wa mjigo ndi wa boti, kenako tidzavote Loweruka madzulo.