Thandizeni abale: machimo amene tinalapa kale adzatulukanso pa tsiku la chiweruzo?

Ma admin chonde ndibiseni dzina, anthu ambiri a kuno ku Mangochi ali mu gulu lino ndipo ena ndimapemphera nawo.

Ndine mzimayi wa zaka 46, geni yanga ndi usipa, ndimakapikula ku Makawa pena ku Msaka nkumatumiza ku Limbe. Ndinakulira mu tchalitchi koma kulandira Yesu kwenikweni ndinalandira 2019. Mwezi wathawu tinali pa maliro a alamu anga, nde amene amalalikira ku manda anawerenga Luka 12 vesi 2 ndi 3, paja pamati palibe chobisika chimene sichidzaululika, zonong'onezana kuchipinda zidzalalikidwa pamwamba pa denga. Anati tsiku lija moyo wa munthu aliyense udzaonetsedwa ngati mpira mu video show, amayi ako akuonera, ana ako akuonera, abusa ako ali pomwepo, ndipo anabwereza katatu kuti mlandu suola, olo iwe wopemphera usamadzinamize kuti zako zinafufutidwa. Anthu amati ameni, ine miyendo inali itazizira. Kuyambira tsiku limenelo tulo sindikuona.

Nkhani yake ili chonchi. 2016 ndinali mlembi wa banki m'khonde ya mmudzi mwathu. Mayi wina mnzathu wamasiye anali ndi ngongole ya K60,000, nde tsiku lina madzulo anabwera kwathu nkundipatsa ndalama yonse kuti ndikamuperekere pa gulu chifukwa iye amapita ku Namwera kukadwazika amayi ake. Lamulo lathu linali loti ndalama iziperekedwa pa mkeka aliyense akuona, koma iye amandikhulupirira. Sabata yomweyo usipa unagwa wambiri mtengo nkutsika, ine mpamba ndinalibe, ndinati ndingoyendetsa kamodzi ndibwezeretsa lisanafike tsiku la gulu. Mvula inagwa masiku atatu katundu ali pa thandala, anaola, ndinagulitsa motaya. December pogawana masheya buku linaonetsa kuti mayi uja sanabweze, iye anati ndinapatsa amlembi, ine ndinakana anthu onse akuona, mpaka ndinalumbira. Gulu linamulanda mbuzi ziwiri ndi njinga ya mwana wake, ndipo kuchokera pamenepo pa mjigo ankangomutcha wakuba. Anamwalira 2021. Ku maliro ndinapita, nsima ndinaphika nawo, pakamwa panga sipanatuluke kanthu.

Kwa Mulungu ndinalapa abale, ndinalira, ndinasala kudya, ndinagwira 1 Yohane 1:9 kuti tikavomereza machimo athu Iye ndi wokhulupirika amatikhululukira. Vesi imene imandilimbikitsa kwambiri ndi Mika 7:19 yoti adzaponya machimo athu pansi pa nyanja, mmamawa ndikaima pa gombe kudikira alovi abwere ndi mabwato ndimayang'ana madzi aja nkumati zanga zili pansi apo, nyanja yathu ino cha kumpoto ndi yakuya mamita oposa 700, chogwera kumeneko ndani angakachivuule. Komanso Aroma 8:1 akuti amene ali mwa Khristu alibe mlandu wowatsutsa, Yohane 5:24 akuti wokhulupirira salowa mu chiweruzo wachoka kale ku imfa, Ahebri 8:12 Mulungu mwini akuti machimo awo sindidzawakumbukanso.

Koma Baibulo lomwelo 2 Akorinto 5:10 akuti tonse tidzaonekera ku mpando woweruzira wa Khristu aliyense alandire monga anachitira m'thupi, chabwino kaya choipa, ndipo kalata imeneyi Paulo amalembera anthu opemphera osati akunja. Mateyu 12:36 akuti ngakhale mawu opanda pake tidzayankhapo, nanga bodza lolumbira ngati langa lija? Mlaliki 12:14 naye akuti zobisika zonse zidzabwera ku chiweruzo.

Nde funso langa ndi ili, tchimo loti ndinalapa kale lidzawerengedwanso tsiku limenelo? Mayi uja adzakhala pomwepo akumva? Ngati Mulungu anaiwala nde buku la ntchito zathu kumwamba likusungiranji, ndipo ngati sanaiwale nde kukhululuka kwake ndi kotani? Amuna anga sakudziwa, abusa sakudziwa, ndinu oyamba kumva. Ndili ndi BP, imfa ndimaiganizira. Chonde ndiyankheni ndi mavesi osati kungonditukwana.

Mayi wa ku Malindi:
Asisi musalole satana akubereni mtendere, mwazi wa Yesu ukatsuka watsuka basi. Masalmo 103:12 kummawa ndi kumadzulo sizikumana, machimo anu anawataya kutali choncho. Gonani tulo.

Mkulu wa mpingo, Monkey Bay:
Mayi, mavesi anu onse ndi oona ndipo sakulimbana, akungoyankha mafunso awiri osiyana. Loyamba ndi loti kodi munthuyu ndi wolakwa woyenera chilango chosatha? Kwa amene ali mwa Khristu limeneli linayankhidwa kale pa mtanda. Akolose 2:14 akuti kalata ya ngongole yathu anaifafaniza nkuikhomera pa mtanda, inu munali mlembi mukudziwa kuti ngongole ikadulidwa mu buku munthu salipiritsidwanso kachiwiri. Pa Chivumbulutso 20:12 mabuku a ntchito akutsegulidwa inde, koma pali buku linanso la moyo, ndipo vesi 15 akuti woponyedwa mu nyanja ya moto ndi amene dzina lake silinapezeke mu buku la moyolo.

Funso lachiwiri ndi loti mwana wa Mulunguyu anachita nawo chani moyo umene anapatsidwa. Apa nde pali 2 Akorinto 5:10 ndi 1 Akorinto 3:12-15, maziko ndi Yesu koma wina amamangapo ndi golide ndi siliva wina ndi mitengo ndi udzu, moto udzayesa ntchito ya aliyense. Amene zake zidzapsa adzataya mphotho koma iye mwini adzapulumuka, ngati munthu wothawa mnyumba ya udzu ikuyaka, wamoyo koma mmanja mulibe kanthu.

Zoti machimo olapidwa adzatchulidwa poyera, akhristu odziwa Mawu amasiyana maganizo. Ena amati adzaoneka koma ngati ngongole yolipidwa kale, kuti aliyense aone kukula kwa chisomo. Ena amati sadzatchulidwa nkomwe, ndipo amaloza Mateyu 25 pamene Mfumu ikuyankhula ndi nkhosa, imangotchula zabwino zokhazokha, munandidyetsa, munandiveka, munadzandiona ku ndende, tchimo lawo olo limodzi silikutchulidwa. Ine ndimatsamira kumeneku. Za video show zija ndi chitsanzo cha mlaliki chabe, mu Baibulo mulibe. Ndipo Luka 12 muyambire vesi 1, Yesu amachenjeza za chinyengo cha Afarisi, anthu obisa zoipa nkumaoneka oyera. Kusakumbuka kwa pa Ahebri sikuti Mulungu mutu wake umataya zinthu ngati ife, ndi lonjezo loti sadzakuimbaninso mlandu umenewo.

Mwini positi:
Zikomo bambo, ya ngongole yodulidwa mu buku yandifika pamtima. Koma ya Afarisi yandiopsanso, chifukwa ine kutsogolo ndimaimba nawo kwaya anthu osadziwa kanthu.

Bambo wa Katolika, pa boma:
Ife timaphunzitsidwa kuti munthu akangomwalira amaweruzidwa payekha, kenako pa tsiku lomaliza chiweruzo cha anthu onse. Tchimo ukalapa moona limakhululukidwa ndithu koma mabala amene linasiya amafunika kukonzedwa, pano pa dziko kapena ku puligatoriyo. Ndikudziwa ambiri muno za puligatoriyo simuvomereza ndipo sindikufuna mkangano. Ndingonena kuti nkhani ngati iyi mukanapita nayo kwa bambo mfumu mu kulapa, akanakuuzani kuti chinthu cha mwini chibwezedwe ndipo mbiri ya munthu imene munaipitsa ikonzedwe, zimenezo ndi mbali ya kulapa komweko.

Mnyamata wa Seventh Day, Namwera:
Chiweruzo chinayamba kale kumwamba mu 1844 malinga ndi Danieli 8:14, mabuku a anthu okhulupirira akufufuzidwa pano tikukamba pano. Machimo olapidwa ndi kusiyidwa amafafanizidwa, Yesu ndi amene akutiimirira ngati mkulu wa ansembe. Mayi chofunika ndi kulapa kwathunthu nthawi ikadalipo.

Mayi wa ku Malindi:
Achimwene za 1844 mipingo ina sitiphunzitsa, tisawasokoneze mayiwa ali kale ndi mantha.

Agogo a ku Chimwala:
Mwanawe ine ndikuuza ngati mayi ako, usakwiye. Ndawerenga kawiri zimene walembazi, paliponse ukulira manyazi ako a tsiku lija, koma manyazi a mnzako amene anapita nawo ku manda akutchedwa wakuba sunawalire. Unalandira Yesu 2019 iye anamwalira 2021, zaka ziwiri mumakumana pa mjigo ndi pa chigayo iwe uli duu. Ana ake alipo? Ngati alipo nde mpaka lero akukula akudziwa kuti mayi awo anadya ndalama za gulu, mwinanso ena amawanena nazo. Tchimo limenelo silinathe 2016 ayi, ukulichitabe mmawa uliwonse umene wadzuka osanena chilungamo.

Chipulumutso sugula ndi mbuzi, chimenecho Yesu analipira, akulu a ku Monkey Bay anena zoona. Koma taona Zakeyu pa Luka 19, Yesu atangolowa mnyumba mwake iye yekha anaimirira nkunena kuti amene ndinamubera ndimubwezera kanayi, palibe anamukakamiza. Mateyu 5:23-24 akuti ukafika ndi chopereka pa guwa nkukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya chopereka pomwepo uyambe wakayanjana naye. Ndipo za munthu woti anamwalira Mulungu anaziganizira kale, kawerenge Numeri 5:6-8, wolakwa aulule, abweze zonse nkuwonjezera limodzi la magawo asanu, ndipo mwini wake akapanda kupezeka zimapita kwa m'bale wake. Davide Natani anamuuza kuti Yehova wachotsa tchimo lako sudzafa, koma zotsatira zake mnyumba mwake anaziona ndithu.

Tulo ukusowato si satana mwanawe, ndi Mzimu Woyera akukugwedeza. Ukaulula wekha pano, tsiku lija adzaulula chani chimene anthu sakuchidziwa?

Bambo wachisilamu, Mpondasi:
Pepani kulowerera nkhani ya akhristu, koma tikukhala limodzi. Kwa ifenso zimene walakwira Mulungu amakhululuka ukalapa, koma haki ya munthu mnzako imafuna ubweze kapena mwini akukhululukire, apo ayi pa Kiyama, tsiku la chiweruzo, adzatenga mu zabwino zako. Agogo anena bwino, pitani kwa ana ake mayi.

Mtsikana wa ku Nankumba:
Koma musangopita nokha mwadzidzidzi, anthu akhoza kukuchitani chipongwe mkwiyo ukakwera. Yambani kwa amuna anu, kenako abusa kapena amayi abusa, iwo akakumane ndi mwini mbumba wa anawo, mwina ndi amfumu omwe. Ndipo musapite chimanjamanja.

Mwini positi:
Agogo mwandiliza. Ndimayembekeza kuti wina andiuza kuti zinatha ndigone, koma zimene mwanenazi mumtima ndimazidziwa kale, ndimangozithawa. Ana alipo atatu, wamkulu mwini njinga uja anasiya sukulu pano amapalasa nawo bwato ku Makawa, ndimamuona pafupifupi sabata iliyonse ndipo amandipatsa moni bwinobwino nkumandinyamulira chidebe cha usipa. Nthawi zina ndimamuwonjezera ka ndalama iye nkumathokoza, osadziwa kuti ndine amene ndinadya njinga yake.

Za chiweruzo mtima wakhalako pansi, ndamva kuti dzina langa lili mu buku la moyo chifukwa cha Yesu osati chifukwa choti ndinabisa bwino. Usiku uno ndiwauza amuna anga, Lachinayi tikamaliza mapemphero a amayi nditsalira ndilankhule ndi amayi abusa. Banki ija inatha kale koma amayi ambiri amene anali pa mkeka tsiku lija alipo, ndikufuna amve kuchokera pakamwa panga kuti malemu analipira ngongole yawo yonse.

Chimene ndikupemphabe mundithandize ndi kawerengedwe. K60,000 ya 2016 si ya lero, kwacha inagwa ndi 25% mu 2022 nkugwanso ndi 44% mu November 2023, kuwapatsa K60,000 yomweyo kukhala kuwaberanso kachiwiri. Ndikuganiza zogula mbuzi ziwiri zazikazi ndi njinga yatsopano, nkuwonjezera gawo lija la pa Numeri, koma mbuzi zija zikanakhala zitaswa kangapo pofika pano nde kaya zimenezo ndiziwerengera bwanji. Zonse pakamodzi sindingakwanitse, mpamba wanga ndi wochepa ndipo nyengo ya mwera usipa umasowa. Kodi ndipite kaye kukaulula ndi mbuzi imodzi zinazo ndizipereka pang'onopang'ono, kapena ndidikire zikwane? Ine kudikira ndikuopa, ndadikira kale zaka zambiri. Amene munayendapo njira imeneyi ndiuzeni munayamba ndi mawu oti chani mutakhala pa mkeka.