Kodi HIV amayezanso pa mikodzo?

Wa ku Kapata: Anzanga ndithandizeni, ine magazi ndikangowaona mutu umazungulira, tsiku lina ku kiliniki ndinakomoka pa benchi anthu akuona. Manje ndamva ati kuli kuyeza HIV pa mikodzo chabe, zoona izi? Kuno ku Chipata kulipo?

Mlongo wa ku Katete: Zoona achimwene, ku America anavomereza kale mu 1996. Sayang'ana kachilombo kenikeni ayi, amafuna ma antibodies, asilikali amene thupi limapanga likakumana nako. Koma mu mikodzo amakhala ochepa kusiyana ndi m'magazi ndiye nthawi zina imaphonya, ndipo ikaonetsa kuti muli nako amakabwerezabe ndi magazi omwewo kuti atsimikize. Kuno ine ndimangoona ya pa chala.

Amalume a njinga: Kkkk mwamuna mzima kuopa kadontho! Kubaya kwake ngati kaminga chabe, muziyang'ana kumbali.

Nasi wopuma: Musamuseke, ambiri ali choncho. Mwana wanga funsa OraQuick, ija yodziyeza wekha. Umapukuta ku nkhama m'mwamba ndi m'munsi, kuviika mu kabotolo, pa mphindi 20 waona. Mizere iwiri usayambe kulira, pita akatsimikize ku chipatala. Mzere umodzi koma wagona ndi munthu posachedwa opanda kondomu, ubwerezenso pakatha miyezi 3 chifukwa asilikali aja amachedwa kuoneka. Ngati ndi dzulo kapena dzana thamanga lero ukapemphe PEP, mankhwala oteteza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi, maola 72 asanathe.

Wa ku Kapata: Zikomo amayi. Papita miyezi 2, ndiyamba ya m'kamwayo.