Sprocket yakumbuyo ija yachoka

Sabata yatha ndinafunsa momwe ndingachotsere sprocket (gudumu la mano lomwe tcheni chimakolapo) yakumbuyo ya njinga yanga yamoto, imene manati ake anakana kumasuka chifukwa cha dzimbiri pamene ndinkasintha tcheni. Ndikuthokoza nonse amene munandilangiza, chifukwa ntchitoyo yatheka.

Ndinalakwitsa poyamba ndi kuchotsa tayala, popeza linkangozungulira ndikamakoka. Ndinalibwezera pa njinga, ndinathira WD-40 (mafuta ofewetsa dzimbiri) pa manati onse anayi n'kusiya usiku wonse, ndipo m'mawa mng'ono wanga anaponda buleki yakumbuyo ine ndikukoka sipanala yomwe ndinaitalikitsa ndi paipi. Atatu anamasuka, koma lotsalalo linafunika kuti makaniko wina ku Ndirande alitenthe pang'ono, titachotsa kaye malabala am'kati mwa tayala kuti asapse. Ndasinthanso sprocket yakutsogolo, chifukwa mano akutha amawononga msanga tcheni chatsopano.