Thandizo: galu wokusa ziweto akuluma mbuzi m'miyendo

Moni nonse m'gulu muno, makamaka inu akuluakulu oweta mbuzi.

Ndili ku Mangochi, mbali ya Namwera. Ndili ndi galu wamkazi wa miyezi 9, wosakanizika Australian Cattle Dog ndi wachikuda. Akamakusa mbuzi madzulo amaziluma miyendo yakumbuyo mpaka magazi, moti timbuzi tayamba kubalalikira m'minda ya eni. Ndi chibadwa chake: mtunduwu anaupangira ng'ombe, umayendetsa ziweto kuchokera kumbuyo uku ukuluma zidendene, pomwe Border Collie amazungulira kutsogolo n'kuzibweza pongoziyang'anitsitsa. Koma mwendo wa mbuzi ndi wosalimba.

Ndayesa chingwe cha mamita 10, kumukoka akangotsitsa mutu, komanso kumuphunzitsa "gona" kutali ndi khola. Payekha amamvera bwinobwino, koma mbuzi ikangoti ithamange, samvanso kanthu. Kumutopetsa kaye m'mamawa kusanatenthe sikunathandize. Kumenya ayi, kumangopangitsa galu mantha.

Ena akuti azigona m'khola kuti azolowerane nazo, aziopsezanso afisi. Ine ndikukayika, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya agalu olondera ngati Anatolian Shepherd, amene amakulira pakati pa ziweto kuyambira ali kamwana.

Kodi ndiyambe ndi mbuzi zikuluzikulu zitatu m'kampanda kakang'ono, kapena ndidikire akhwime kaye? Nanga chotchinga kukamwa pophunzitsa, ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala, sangabanike poti galu amadziziziritsa ndi wefuwefu? Amene munathetsapo vutoli, chonde ndiuzeni munayambira pati.