Land Rover Series III 109: ndamanganso ekiselo yakutsogolo koma pedulo ya mabuleki ikumirabe

Akuluakulu nonse a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ntchito pa Land Rover zakale. Yanga ndi Series III ya 109 ya chaka cha 1978, ndipo inakhala zaka zambiri isakuyenda. Nditavula madilamu a mabuleki akutsogolo ndinapeza mashuzi a mabulekiwo atanyowa ndi oyilo wakuda wosakanikirana ndi fumbi, moti ndinaganiza zomasula ekiselo yonse m'malo mongosintha seal imodzi (labala yotchinga oyilo kuti asachuche).

Mipira ya chrome ya ma swivel (pomwe mawilo akutsogolo amakhotera) inali itadyeka ndi dzimbiri cha m'munsi, pomwe seal yaikulu imadutsa, ndipo chikhadabo chinkakodwa m'timaenje take ndikachiyendetsapo. Ndinagula ina yatsopano chifukwa sindinakhulupirire zomata timaenjeto ndi epoxy. Ndinaika Railko bush (bushi yomwe pini ya swivel imazungulira mkati mwake) yatsopano pamwamba ndi bering'i yatsopano pansi, ndinachotsa ma shim (tizitsulo topyapyala tosinthira kulimba kwa swivel) mmodzimmodzi ndikuyeza ndi sikelo yokoka mpaka kulimba kwake kunagwirizana ndi zimene buku la galimotoyi likunena, kenako ndinathira oyilo wa EP90. Ndinasinthanso kolala ya pa stub axle (chitsulo chomwe habu ya wilo imazungulirapo) imene seal ya habu imakhalapo, popeza inali ndi mzere wakuya, komanso ndinatsuka kabowo kopumira ka ekiselo komwe kanali katatsekeka ndi matope. Mbali imeneyi ndine wokhutira nayo, pakuti palibe dontho ngakhale limodzi likuchucha.

Vuto langa lili pa mabuleki. Monga mukudziwa, 109 ili ndi madilamu a mainchesi 11 ndipo kutsogolo wilo iliyonse ili ndi masilinda awiri, lina pamwamba lina pansi. Masilinda onse anayi ndi atsopano, mashuzi ndi mapaipi a labala nawonso ndi atsopano, ndipo ndathira madzi a mabuleki a DOT 4. Ndachotsa mpweya katatu konse mothandizidwa ndi mwana wanga, amene ankaponda pedulo ine ndili pansi ndi botolo, mpaka madzi ankatuluka oyera opanda thovu. Komabe ndikaponda koyamba pedulo imatsika pafupifupi kufika pansi, ndikapondanso kachiwiri imagwira pakati, ngakhale kuti imamvekabe yofewa pang'ono. Sindingayerekeze kuitulutsa pamsewu ili chonchi, chifukwa moyo wa anthu ena ndi umene ndingauike pachiswe.

Kodi umenewu ndi mpweya wotsalira, kapena ndi mashuzi amene sindinawayandikize bwino ku dilamu? Master cylinder (silinda lalikulu lomwe pedulo imakankha kuti madzi apite ku mawilo) sindinaikhudze. Kodi ndiyambe kuikayikira tsopano, kapena pali njira yodziwira wilo imene ili ndi vuto ndisanagule china chilichonse?

Yankho loyamba: Bambo, musathamangire kugula master cylinder. Panani mapaipi onse atatu a labala ndi zopanira zake zosadula paipi, awiri akutsogolo ndi imodzi yakumbuyo, kenako pondani pedulo. Ikalimba pamwamba ndipo osatsika pang'onopang'ono mutaigwirizira, dziwani kuti master cylinder ili bwino. Mukatero masulani chopanira chimodzi chimodzi, ndipo pamene pedulo imire ndi pomwe pali vuto. Pedulo yogwira pa kuponda kwachiwiri kawirikawiri imasonyeza kuti mashuzi ali kutali ndi dilamu, choncho onaninso ma snail cam (tizitsulo ta mano toyandikizira mashuzi ku dilamu), chifukwa mano ake akatha sagwira ndipo amabwerera okha.

Yankho lachiwiri: Ndikugwirizana ndi achimwene ayankha pamwambapa, koma kufewa mukunenako ndi mpweya ndithu. Pa mawilo akutsogolo a 109 madzi amalowera ku silinda lapamwamba n'kutsikira kwa lapansi, komwe kuli kabawuti kotulutsira mpweya, pamene mpweyawo umakonda kukwera m'mwamba. N'chifukwa chake madzi amatha kutuluka oyera mpweya uli chikhalire. Vulani dilamu, chotsani mashuzi, kankhirani mapisitoni onse mkati ndi kuwapana ndi G-clamp (chopanira cha sikulu) kuti mpweya usowe pobisala, ndiye muchotse mpweyawo muli choncho. Yezaninso madilamuwo, chifukwa akadyeka kwambiri mashuzi atsopano amangogunda ndi kachigawo kochepa.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu nonse awiri. Ndayesa njira ya zopanira madzulo ano, ndipo pedulo inalimba ngati mwala mapaipi onse atapanidwa. Nditamasula chopanira chakumbuyo pedulo inangotsika pang'ono, koma nditamasula chakutsogolo kumanja inamira nthawi yomweyo. Mawa ndivula dilamu imeneyo kuti ndipane mapisitoni monga mwalangizira. Ndingofunsanso chimodzi: ndikamaliza kubwezera mashuzi, kodi ndizungulitse snail cam mpaka wilo itagwiratu kenako n'kubweza pang'ono, ndipo ndibweze mano angati kuti dilamu isamatenthe poyenda?