Thandizo: Magetsi a dizilo m'Malawi, ziwerengero zake ndizipeza kuti?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndine mphunzitsi kuno ku Mangochi, ndipo ana anga a Fomu 4 akukonzekera mtsutso wa nkhani ya magetsi. Chandivuta n'kupeza ziwerengero zosonyeza kuti chaka ndi chaka magetsi opangidwa ndi dizilo akhala ochuluka bwanji poyerekeza ndi a madzi.

Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Koma madzi a m'nyanja atatsika, mu 2018 kunabwera majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira tinataya mamegawati pafupifupi 130. Zaka zimenezi n'zomwe ndikuzifuna kwambiri.

Mabuku a m'laibulale yathu ndi akale kwambiri. Pa intaneti zambiri n'za malasha a ku South Africa, ndipo za kwathu kuno zimangosakaniza magetsi, nkhuni ndi makala, zomwe sizikutithandiza.

Kodi alipo amene ali ndi malipoti apachaka a EGENCO (kampani yopanga magetsi) kapena MERA (bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta) kuyambira 2017? Nanga majenereta a m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanjamu amawerengedwa nawo, kapena ayi? Chonde ndithandizeni.