Mikono ikukula koma mimba ili pomwepo, nsima ndisiye?

Wa ku Chilomoni:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 31, ndimalemera makilogalamu 84, ndipo ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse. Patha miyezi itatu ndikunyamula zolemera kuseri kwa nyumba, zija timaumba ndi simenti m'zitini za penti. Mikono yayamba kuthina m'malaya, koma mimba sikusuntha, chonsecho madzulo aliwonse ndimapanga ma sit-up 100, zija zogona chagada n'kumadzuka kukhala tsonga. Mnzanga akuti ndisiye nsima, ndigule mapuloteni aufa. Ndalama yake ndilibe. Nditani?

Mkulu wa zitsulo:
Achimwene, ma sit-up sachotsa mafuta apamimba. Mafuta amasungunuka thupi lonse mukamadya zocheperapo kuposa mphamvu zomwe mukugwiritsa ntchito. Nsima musasiye. Ngati mumadya mitanda itatu, tsikirani pa iwiri, ndiwo muchulutse. Kwa onyamula zolemera, pa kilogalamu iliyonse ya thupi pamafunika magalamu pafupifupi 1.6 a mapuloteni, ndiye inuyo ndi cha m'ma 135 patsiku. Dzira limodzi lili ndi 6 okha, choncho onjezani usipa, matemba, soya ndi nyemba. Miyendonso musaiwale: squat (kunyonyomala n'kuimirira) ndi deadlift (kunyamula cholemera kuchokera pansi mpaka kuima chilili), katatu pasabata, kulemera kuzikwera pang'onopang'ono.

Mayi wa awiri:
Alongo, tiyi mumathira shuga masipuni angati? Ine ndinkathira anayi, pambali mandasi awiri. Nditachepetsa, siketi yomwe inkakana zipi inalowa. Sikelo isakupusitseni, muziyeza mchiuno ndi chingwe.

Wa ku Chilomoni:
Atatu, achemwali, makapu awiri m'mawa. Mawa ndiyambira pamenepo.